Pakati pa Cuamba ndi Chiponde: Chimene Chimabweza Mwamuna Pakhomo la Chipatala

Wochokera ku Mangochi akakwera zitunda za Namwera n'kudinditsa pachipata cha Chiponde, sayenda mtunda wautali asanafike m'tauni ya Mandimba. Kuno ndi uko anthu amalankhula Chiyao ndi Chinyanja, amaswali m'mizikiti yofanana, amakwatirana, ndipo maliro akagwa mbali imodzi olira amachokera mbali zonse. Koma pali nkhani imodzi imene malamulo a mayiko awiriwa anasiyanapo. Ku Malawi, mwamuna wopezeka ndi mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake akhoza kukhala m'ndende zaka 14, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa lamulolo. Ku Mozambique mlandu wotere kulibe. Ndime za m'malamulo a Apwitikizi a mu 1886, zimene zikanatha kugwiritsidwa ntchito polanga anthuwa, zinafafanizidwa pamene malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mu June 2015.

Pali zinanso zimene zingachititse munthu kuganiza kuti tsidya la Mozambique zonse zili bwino. Lamulo la zantchito la mu 2007 linaletsa kusala wantchito chifukwa choti amakopeka ndi mwamuna kapena mkazi mnzake. Mu January 2014 mtsogoleri wakale wa dzikolo, Joaquim Chissano, analembera atsogoleri a mu Africa kalata yowapempha kuti alemekeze ufulu wa anthu oterewa. Bungwe la Afrobarometer litafunsa anthu m'mayiko 33 mu 2014 ndi 2015 ngati angalole kuyandikana nyumba ndi munthu wotere, 56 mwa 100 aliwonse ku Mozambique anati alibe nazo vuto. Ku Malawi anali 6 okha. Komabe bungwe la LAMBDA, lomwe limawalankhulira anthuwa, linapempha kulowa m'kaundula wa boma mu 2008, ndipo zaka zoposa 10 zinatha lisanalembetsedwe. Ndiponso lamulo losainidwa ku Maputo silimuperekeza munthu pamsika wa Massangulo, pamene anthu amasiya kucheza iye akatulukira.

Kale Niassa inali chigawo chimene Edzi inali isanazike mizu. Kafukufuku wa boma wa mu 2009 anapeza kuti 3.7 peresenti ya anthu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo ka HIV, chiwerengero chotsika kuposa zigawo zonse za dzikolo. Pofika 2015 chinali chitakwera kufika 7.8 peresenti, ndipo mu 2021 chinali pafupifupi 8, pamene dziko lonse linali pa 12.5. Cuamba ili pamphambano. Njanji yochokera ku Nacala ndi Nampula imagawikana pomwepa, ina kulowera ku Lichinga, ina ku Entre Lagos ndi Nayuchi, ndipo msewu wa N13 umadutsa kupita ku Mandimba ndi Ngauma. Madalaivala, ogula thonje ndi fodya, amalonda a pasitima, ophunzira zaulimi payunivesite ya Katolika, onse amakumana m'tauniyi. Pakati pawo pali amuna ogonana ndi amuna anzawo, monga zilili m'tauni ina iliyonse, ngakhale akuluakulu ena amakonda kunena kuti zimenezo n'za ku Maputo kapena za azungu.

Mu 2011 ofufuza a Instituto Nacional de Saúde ndi anzawo anacheza ndi amuna oterewa oposa 1,400 ndi kuwapempha kuti ayezedwe magazi. Ku Maputo 8.2 peresenti anapezeka ndi kachilombo, ku Beira 9.1, ku Nampula ndi Nacala, kumene njanji ya Cuamba imathera, 3.7. Manambalawa saoneka oopsa mpaka atagawidwa potengera msinkhu. Ku Maputo, mwa anyamata a zaka 18 mpaka 24, anali 2.4 peresenti okha. Mwa a zaka 25 kupita m'tsogolo anali 33.8. Ku Beira zinali chimodzimodzi, ndipo ku Nampula ndi Nacala akuluakuluwo anali pa 10.3. Ndiye kuti mnyamata amalowa m'moyo umenewu alibe kachilombo, n'kukatenga m'zaka zochepa zotsatira. Tsidya la Malawi, bungwe la CEDEP ndi yunivesite ya Johns Hopkins anayeza amuna oposa 2,400 m'maboma asanu ndi awiri pakati pa 2011 ndi 2014, Mangochi ali momwemo. Pafupifupi 18 peresenti anali ndi HIV, ndipo pafupifupi onsewo ananena kuti sankadziwa.

Thupi lili ndi gawo lake. Khungu la mkati mwa njira ya chimbudzi ndi lopyapyala, silitulutsa madzi oterera, ndipo limachekeka msanga. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC limawerengera kuti pa maulendo 10,000 ogonana popanda kondomu ndi munthu wa kachilombo amene sakumwa mankhwala, wolowetsedwa kumbuyo amatenga HIV pa maulendo 138, wolowetsa pa 11, pamene mkazi wogonana m'njira ya abambo amatenga pa 8. Zimenezi sizisankha, mkazi wogonana kodzera kumbuyo alinso pachiopsezo chachikulu chomwecho.

Nanga mnyamata wa ku Ngauma anauzidwa ndi ndani? Kwa zaka pafupifupi 30, zikwangwani, masewero a pawailesi ndi zotsatsa makondomu a Jeito ku Mozambique kapena Chishango ku Malawi zakhala zikuonetsa mwamuna ndi mkazi. Mnyamatayo anatolapo phunziro limene palibe anafuna kumuphunzitsa, loti Edzi imachokera kwa akazi. Kafukufuku amene Stefan Baral ndi anzake anachita mu 2008 ku Malawi, Namibia ndi Botswana anapeza kuti amuna ogonana ndi amuna anali atamvapo zambiri za kudziteteza pogona ndi mkazi kuposa za kudziteteza pogona ndi mwamuna. Ku Mandimba ndi Ngauma palinso nkhani ya jando. Anyamata ambiri kumeneku anadutsa m'manja mwa angaliba, ndipo anamva pawailesi kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo ndi 60 peresenti. N'zoona, koma nambalayo inachokera ku Orange Farm, Kisumu ndi Rakai, kumene ankafufuza amuna ogona ndi akazi. Wolowetsedwa kumbuyo, mdulidwe wake sumuteteza n'komwe.

Akatswiri awiri a zamaganizo, Jeffrey Fisher ndi William Fisher, analemba mu 1992 kuti munthu amadziteteza ku HIV akakhala ndi zinthu zitatu: kudziwa, kufuna, ndi luso lochitira chimene akufunacho. Kudziwa ndiye kosavuta. Phungu wabwino amakonza bodza la jando m'mphindi zisanu. Zovuta zili pa ziwiri zinazo, ndipo pamenepo m'pamene mantha amalowerera.

Ilan Meyer, wofufuza wa ku America, anafotokoza mu 2003 za katundu wapadera amene munthu wa m'gulu losalidwa amasenza m'maganizo, kuwonjezera pa mavuto a aliyense. Pali nkhanza zimene zinamuchitikiradi: kutukwanidwa, kumenyedwa, kuthamangitsidwa panyumba ya lendi. Pali kuyembekezera nkhanza zimene sizinachitike. Pali ntchito yobisa, imene ilibe tchuthi: kusamala kayendedwe, mawu, mauthenga a pafoni, ndi kukumbukira bodza limene anauza mayi ake dzulo. Pomaliza pali kumeza mawu a anthu mpaka kuwakhulupirira, kudziona wonyansa. Zitatu zomalizazi sizifuna wapolisi kapena woweruza. Munthu amayenda nazo yekha, ndipo pachipata cha Chiponde palibe amene amamulanda.

Tiyerekeze mnyamata wogulitsa mayunitsi a foni pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba. Watuluka kachilonda kumbuyo. Akudziwa kumene kuli chipatala, akudziwanso kuti chithandizo cha matenda opatsirana pogonana sichifuna ndalama zambiri. Koma namwino amapemphera limodzi ndi mayi ake, wolemba makadi anaphunzira naye sukulu, ndipo pabenchi pali mkazi wa malume ake amene wabwera kusikelo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu akuopa chitsekocho kuposa m'mimbamo. Akalowa amangoti mutu ukuwawa, n'kutuluka ndi panado, kapena amakagula makapisozi pamsika. Chilondacho chimakhalabe, ndipo chilonda ndi khomo la HIV. Choyenera kuzindikira n'chakuti namwinoyo mwina ndi munthu wosunga chinsinsi, amene sakananena kanthu kwa aliyense. Mnyamatayo sadzadziwa zimenezo, chifukwa sanayese.

Anthu ena amati uku n'kupusa: munthu angaope bwanji miseche kuposa matenda? Komatu mnyamatayu akuwerengera bwino ndithu, kungoti akuwerengera za pafupi. HIV imatenga zaka kuti ionekere. Mbiri ikatuluka masana, madzulo yafika kale kwa ankhoswe, kwa shehe kapena abusa, ndi kwa bwana amene amamupatsa katundu pangongole.

Kuti mantha amabweza anthu kuchipatala zinaonekera poyera ku Nigeria. Mu January 2014 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokhwima loletsa maukwati ndi misonkhano ya anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha. Pa nthawiyo ofufuza anali atayamba kale kafukufuku ku Abuja, amene anafikira amuna oposa 700. Lamulolo lisanabwere, 25 peresenti ankati amaopa kupita kuchipatala. Litabwera anafika 38. Chipatala chinali chomwecho, madokotala omwewo. Mu kafukufuku wa Baral uja, pafupifupi mmodzi mwa asanu anati anaopapo kukalandira chithandizo, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anati anaopsezedwapo kuti aululidwa akapanda kupereka ndalama. Masiku ano woopsezayo safunika mboni. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp kapena Facebook n'chokwanira. Kwa munthu wa m'malire, amene Lachiwiri ali ku Mandimba, Lachinayi ku Namwera, lamulo lokhwima la mbali imodzi ndi limene limalamulira mtima wake mbali zonse ziwiri. Ena amathawira kuchipatala chakutali kumene sadziwika, ndipo ndalama ya minibasi ikasowa, mwezi umenewo mankhwala amadumpha.

Ambiri mwa amunawa ali ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi. Ena amakopekadi ndi onse awiri. Ena anakwatira chifukwa mwamuna wa zaka 30 wopanda banja amafunsidwa mafunso pamaliro aliwonse. Amene amaganiza kuti nkhani ino ndi ya kagulu kakang'ono kosawakhudza aganizire za mayi amene mwamuna wake sangayambe mwadzidzidzi kuvala kondomu kunyumba popanda kufotokoza chifukwa.

Kudzida kuli ndi zotsatira zake pamphasa. Munthu amene wamva kuyambira ali mwana kuti chimene mtima wake umafuna ndi themberero sayenda ndi kondomu m'thumba, chifukwa kuitenga n'kuvomera kuti achitanso, pamene dzulo lomwe analumbira kwa Mulungu kuti wasiya. Ndiye zimachitika mosakonzekera, mofulumira, mumdima, kuseri kwa bala kapena m'chipinda cha maola awiri, kawirikawiri atamwa. Kachasu, kabanga ndi timabotolo totchipa timathandiza kuziziritsa manyazi, koma timachepetsanso maso a m'maganizo. Claude Steele ndi Robert Josephs anaonetsa mu 1990 kuti woledzera amaona za pamphuno pokha: thupi la mnzake lili pompo, kachilombo kali kutali. M'mawa manyazi amabwerera atakula, ndipo mankhwala ake ndi botolo lina. Ron Stall ndi anzake, atafunsa amuna pafupifupi 3,000 m'mizinda inayi ya ku America, anapeza mu 2003 kuti matenda okhumudwa, mankhwala ozunguza bongo, kugwiriridwa ali ana ndi nkhanza za m'chibwenzi zimayendera limodzi, ndipo mwamuna akakhala ndi zambiri mwa izi, mpata woti ali ndi HIV umakweranso. Kumuuza munthu wotere kuti asamalire moyo wake n'kulankhula za chinthu chimene iye mwini sachiona chamtengo.

Chodabwitsa n'chakuti chikondi nachonso chimavula kondomu. Amene wakhala zaka akubisala, akapeza munthu mmodzi womudziwa ndi kumulandira, safuna kuika mpira pakati pawo. Kutulutsa kondomu kumamveka ngati kunena kuti sindikukukhulupirira, kapena kuti ndayendayenda. Mawu oti switi sadyera m'pepala amamvekanso kuno monga amamvekera kwa amuna ndi akazi. Patrick Sullivan ndi anzake anawerengera mu 2009 kuti m'mizinda isanu ya ku America, pafupifupi awiri mwa atatu a amuna otenga HIV kwa mwamuna mnzawo ankaitenga kwa wokondedwa wawo weniweni, osati kwa wongokumana naye. Mwamuna ndi mkazi akafuna kulowa m'banja, ankhoswe ndi a mpingo amawalimbikitsa kukayezetsa limodzi. Amuna awiri alibe ankhoswe.

Ndalama imalankhulanso. Pamene wina ndi wamalonda wa zaka 40 ndipo wina ndi mwana wasukulu wosowa fizi, wosankha za kondomu amadziwika. Kusiyana kwa manambala a ku Maputo ndi Beira kuja, pakati pa anyamata ndi akuluakulu, kumasonyeza kuopsa kwa zibwenzi zotere.

Za luso n'zachidule koma zimapulumutsa. Kondomu yogwiritsa ntchito kumbuyo imafuna mafuta otereretsa opangidwa ndi madzi. Vaseline, mafuta odzola ndi mafuta ophikira amafooketsa mpira, n'kuphulika. Munthu amene kondomu yamuphulikira kawiri amaganiza kuti makondomu ndi achabe, pamene vuto linali mafuta. Ikaphulika, pali mankhwala a PEP, omwa masiku 28, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Koma kuti awalandire ayenera kunena chimene chachitika, ndipo tabwereranso pabenchi paja.

Mapiritsi a PrEP, omwa munthu amene alibe kachilombo kuti asakatenge, anabwera ngati yankho kwa amene kondomu imawavuta. Kafukufuku woyamba, wotchedwa iPrEx, anatuluka mu 2010 ndipo anali ndi anthu 2,499 m'mayiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo South Africa. Chiopsezo chinatsika ndi 44 peresenti yokha. Atayeza magazi anapeza chifukwa: ambiri sankamwa. Mwa amene mankhwala anapezeka m'magazi mwawo, chitetezo chinaposa 90 peresenti. Piritsi linali labwino, koma linkadikira mtima wa womwa. Ku Cuamba kapena ku Mandimba pali chovuta china: PrEP ndi mtundu wa ma ARV, botolo lake likufanana ndi la odwala, ndipo limachita phokoso m'chikwama. Wogona chipinda chimodzi ndi abale ake atatu alibisa kuti? Akalipeza, afotokoze kuti ali ndi kachilombo, kapena kuti alibe koma pali chifukwa chimene akudzitetezera?

Uthenga umene umachotsadi mantha, koma sunafike mokwanira m'makutu a anthu, ndi wa amene ali kale ndi HIV. Kafukufuku wa PARTNER2, wotuluka mu 2019, anatsatira maanja 782 a amuna okhaokha ku Europe, mmodzi ali ndi kachilombo koma akumwa mankhwala mpaka kosaonekanso m'magazi, winayo alibe. Anagonana popanda kondomu maulendo oposa 76,000, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatenga kachilombo kwa mnzakeyo. Izi zimasintha tanthauzo la kuyezetsa. Amene ankaopa kuti zotsatira zikhala chizindikiro chachiwiri cha manyazi pamwamba pa choyamba, amamva kuti akamwa mankhwala mokhulupirika sakhala chiopsezo kwa mwamuna kapena mkazi wake. Koma matenda ena opatsirana pogonana, monga chindoko ndi chinzonono, ma ARV sawaletsa.

Unduna wa zaumoyo ku Mozambique unatulutsa mu 2016 malangizo oti zipatala za boma zizilandira bwino magulu amene ali pachiopsezo chachikulu, amuna ogonana ndi amuna ali m'gulumo. Pepala ndi chiyambi chabe. Zimene zaoneka kuti zimagwira ntchito m'mayiko ambiri ndi zimene zimachepetsa maso oyang'ana munthu: mnzake wa moyo womwewo amene amamubweretsera makondomu ndi mafuta n'kumuuza namwino woyenera kumufunsa, zipangizo zodziyezera wekha za m'kamwa zimene zimayankha m'mphindi 20, ndi kulandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Si njira iliyonse yabwino imene imakwanira aliyense. Magulu a GAAC, amene anayambira ku Tete mu 2008 mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, pomwe anthu mpaka asanu ndi mmodzi amasinthana kukatengerana mankhwala, athandiza midzi yambiri. Koma amadalira kuti anansi adziwane zinsinsi, ndipo amene moyo wake wonse waumanga pa kubisala salowamo msanga.

Mbali ya maganizo ndiyo imatsalira. Mozambique ili ndi madokotala ochepa kwambiri a matenda a maganizo, ndipo kuyambira 1996 yakhala ikuphunzitsa akatswiri apakati, amene pofika 2014 anali atafika m'maboma onse. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaonetsa kudzera mu Friendship Bench kuti agogo ophunzitsidwa bwino, atakhala pabenchi kunja kwa chipatala, amatha kuchepetsa matenda okhumudwa. Ndiye anthu omvetsera akhoza kupezeka ngakhale kumene kulibe dokotala. Chimene chikufunika n'chakuti womvetserayo, akamva kuti wokondedwa amene akunenedwa ndi mwamuna, nkhope yake isasinthe, ndipo asayambe ulaliki.

Ntchito yambiri yofikira amunawa inkayenda ndi ndalama za America kudzera mu PEPFAR. Mu January 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo lakunja, ndipo pamene linalola zina kupitirira, PrEP inaloledwa kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa okha. M'mayiko ambiri a kuno kum'mwera, malo ochezerako ndi kulandirirako chithandizo a magulu osalidwa anatsekedwa, ndipo achinyamata amene ankayendera anzawo anasiya kulipidwa. Izi zinachitika pamene mankhwala abwino kuposa onse anali atangotulukira. Jakisoni wa lenacapavir amabayidwa kawiri pachaka. Mu kafukufuku wa PURPOSE 2 wa mu 2024, mwa anthu oposa 2,100 amene anabayidwa, awiri okha ndi amene anatenga HIV. Bungwe la WHO linauvomereza mu July 2025, ndipo mu September chaka chomwecho makampani a ku India a Dr. Reddy's ndi Hetero anagwirizana zoupanga pamtengo wa madola 40 pachaka kuyambira 2027. Jakisoniyu akuthetsa vuto la botolo ndi la kuiwala. Wofuna kubayidwa ayenerabe kuyezetsa magazi ulendo uliwonse ndi kuyankha mafunso a namwino, ndipo amene ankamuperekeza kukachita zimenezo ndi omwe aja malipiro awo anaima mu 2025.